Zithunzithunzi pa Nsalu ndi Kulira kwa Mkuwa: Mmene Ana a ku Java Amadziwira Nyama za M'nkhalango

Mau Oyamba

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi sadziwa tanthauzo la mau akuti chilengedwe. Mukamuuza kuti nkhalango zikutha ndipo mitsinje ikuphwa, iye amangokupenyani, pakuti zimenezo ndi nkhani za zaka zambirimbiri, pamene iye ngakhale dzulo ndi dzana amazisokoneza. Komabe akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo alezi a ana amavomereza kuti chimene mtima wakonda pa msinkhu umenewu sichichoka msanga. Tsono funso loyenera kulilingalira ndi ili: kodi mwana amene sanafike pomva zifukwa tingamuyandikizitse bwanji kwa nyama, mitengo ndi madzi, kuti akadzakula adzaziwerengere?

M'nkhani ino tiona yankho limodzi limene linapezeka pa chilumba cha Java, m'dziko la Indonesia. Kumeneko kuli sewero la ana lotchedwa wayang kancil, limene limasimba nthano za nyama pogwiritsa ntchito zithunzithunzi za zidole, kwinaku oimba akuimba pomwepo. Tifotokoza kumene seweroli linachokera, mmene limachitikira, ndiponso zifukwa zimene chithunzithunzi ndi nyimbo zimagwirira mtima wa mwana wamng'ono kuposa mau a chilangizo.

Sewero la wayang

Java ndi chilumba chokulirapo pang'ono kuposa dziko la Malawi, koma kalembera wa chaka cha 2020 anapezako anthu oposa 150 miliyoni. Mwa miyambo yonse ya anthu amenewa, wotchuka kwambiri ndi wayang kulit, ndiko kuti sewero la zidole zachikopa. Mwambowu ngwakalekale. Zolemba zina za m'nthawi ya mfumu Balitung, za chaka cha 907, zimatchula kale munthu amene anachita wayang pa mwambo wina. M'chaka cha 2003 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma chamtengowapatali cha mtundu wonse wa anthu.

Kachitidwe kake nkotere. Amamanga nsalu yoyera pa mitengo, naikunga ngati chikopa cha ng'oma. Nsaluyo dzina lake ndi kelir. Kuseri kwake amapachika nyale yotchedwa blencong, imene kale inali ya mafuta, ngakhale kuti masiku ano ambiri amayatsa ya magetsi. M'munsi mwa nsalu amagoneka thunthu la nthochi, lomwe ntchito yake ndi kuzikapo zidole kuti ziime zokha. Zidolezo amazisema pa chikopa cha njati yoweta, nazibowolabowola timabowo tosawerengeka kuti kuwala kudutse, ndipo zogwirira zake amazipanga ndi nyanga.

Pakati pa nyale ndi nsalu pamakhala munthu mmodzi, dalang. Iyeyu ndiye mwini sewero lonse. Ndiye amayendetsa zidole, ndiye amayankhula m'malo mwa chidole chilichonse posinthasintha mau, ndiye amaimba, ndiyenso amalamulira oimba amene akhala kumbuyo kwake. Wayang ya akuluakulu imasimba nkhani za m'mabuku akale a ku India, Mahabharata ndi Ramayana, ndipo mwa mwambo imayamba cha m'ma 9 koloko usiku ndi kutha mbandakucha. Nkosachita kufunsa kuti mwana wa zaka zinayi sangapirire usiku wonse kumvera za nkhondo za mafumu ndi nzeru zakuya za ansembe.

Mtengo umene umatsegula sewero

Komatu ngakhale m'wayang ya akuluakuluyo chilengedwe chili pakatikati. Sewero lisanayambe, chinthu chimodzi chokha ndicho chimaima pakati pa nsalu. Chimenechi ndi chikopa chachikulu chosongoka kumwamba ngati tsamba, chotchedwa gunungan, kutanthauza chonga phiri, kapena kayon, dzina lokumbutsa mtengo. Pamenepo amajambulapo chipata chokhala ndi alonda awiri, ndipo pamwamba pa chipatacho pamera mtengo waukulu. Njoka yakulunga thunthu lake, kambuku ndi njati yakutchire zapenyana m'munsi mwake, anyani ndi mbalame zili m'nthambi.

Dalang akazula gunungan ndiye kuti dziko la nthano latseguka. M'kati mwa sewero chikopa chomwechi chimasanduka zinthu zambiri. Akachiweyula ndi mphepo, akachigwedeza chopingasa ndi madzi, akachiimika ndi nkhalango kapena phiri, ndipo akachitembenuza kuonetsa mbali imene kawirikawiri amajambulako malawi, ndi moto. Motero mwana wa ku Java, asanaone mfumu kapena msilikali pa nsalu, amayamba waona mtengo ndi nyama zokhala mwa iwo. Sewero la ana limene tikulikamba linangotenga nyamazo kuzitsitsa mu mtengo muja ndi kuzipatsa mau.

Kancil, kanyama kochenjera

Kancil, dzina limene limatchulidwa kuti kanchili, ndi kanyama kenikeni ka m'nkhalango za kumeneko. Maonekedwe ake ndi a gwape, koma kukula kwake nkwa kalulu. Kamalemera makilogalamu awiri okha kapena kucheperapo, kutalika kwake kuchoka pansi kufika paphewa ndi pafupifupi masentimita 30, ndipo kali m'gulu la nyama za ziboda zochepetsetsa pa dziko lonse. Kalibe nyanga, miyendo yake ndi yoonda ngati pensulo. M'nthano za Ajava ndi Amalaya kanyama aka kali pa malo amene Kalulu ali m'nthano za Achewa: wamng'ono amene amapulumuka m'kamwa mwa akuluakulu chifukwa cha nzeru.

Nthano zake nzambiri. Ina imati Kancil anafuna kuoloka mtsinje, nauza ng'ona kuti mfumu yamutuma kudzaziwerenga kuti ziitanidwe ku phwando. Ng'onazo zinandanda kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina, iye nkumalumpha pamsana pawo akuwerenga, mpaka anaoloka. Ina imati kambuku atamupeza, Kancil ananena kuti akulondera chitsulo choimbira cha mfumu Solomo, chimene wina aliyense saloledwa kuchiimba. Kambuku anaumirira, nachimenya, osadziwa kuti chinali chisa cha mavu. Tsiku lina anamunyenganso kuti nsato yodzipinda inali lamba wa mfumuyo. Koma yodziwika koposa ndi ya Kancil wakuba nkhaka m'munda, amene anagwidwa atamenya chidole choopsezera nyama chimene mlimi anachipaka ulimbo.

Nthanozi zinkasimbidwa pakamwa, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zina zinalembedwa m'mabuku a ndakatulo a Chijava. M'chaka cha 1925, mu mzinda wa Surakarta, munthu wina wochokera m'banja la Chitchaina, dzina lake Bo Liem, anaganiza zoziika pa nsalu ya wayang. Patapita zaka seweroli linazilala, kufikira pamene mmisiri wa zidole wa ku Yogyakarta, Ki Ledjar Soebroto, analitsitsimutsa kuyambira m'chaka cha 1980. Iyeyu anasema zidole zambiri za nyama, mitengo ndi alimi, nayenda nazo kwa ana a m'dziko lake ndi a maiko ena mpaka anamwalira mu 2017. Cholinga chake chinali choti ana akhale ndi wayang yawoyawo, yowaphunzitsa makhalidwe ndi kusamala chilengedwe.

Kuti zimenezi zitheke panafunika kusintha zingapo. Sewero la usiku wonse linafupikitsidwa kuti lilingane ndi kupirira kwa mwana. Chiyankhulo chakuya cha m'nyumba za mafumu chinasiyira malo mau a tsiku ndi tsiku. Pa nyimbo zolemera za akuluakulu panalowa nyimbo za masewera a ana, zotchedwa dolanan, zimene anawo amazidziwa kale ndipo amatha kuvomera. Koma nsalu, nyale, thunthu la nthochi ndi mtengo wotsegulira uja zinakhala monga zinalili.

Mphamvu ya chithunzithunzi

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangomuonetsa mwana chithunzi chenicheni cha nyama, chooneka ndi mitundu yake yonse? Pali zifukwa zitatu zimene chithunzithunzi chimaposera.

Choyamba chili m'maso a mwana. Kuyambira pa kafukufuku wa Robert Fantz wa ku Amereka, cha m'ma 1960, akatswiri akudziwa kuti makanda amapenyetsetsa zinthu zimene kuda ndi kuyera kwake kwasiyana moonekeratu, ndi kuti maso a mwana amatenga zaka kuti akhwime. Chithunzithunzi chakuda pa nsalu yoyera chimachotsa zonse zosokoneza. Pamatsala mphuno yaitali ya ng'ona, nyanga za njati, timiyendo ta Kancil. Mwana amagwira chimene chimasiyanitsa nyama ina ndi inzake, ndiponso kayendedwe kake, pakuti dalang waluso amaonetsa ng'ona ikukwawa mwaulesi ndi Kancil akudumpha mwamantha.

Chachiwiri nchakuti kwa mwana wamng'ono chithunzithunzi ndi chinthu chodabwitsa mwa icho chokha. Katswiri wa ku Switzerland, Jean Piaget, m'buku limene anasindikiza mu 1927, anafotokoza mayankho a ana pamene ankawafunsa kumene chithunzithunzi chimachokera. Ana a zaka ngati zisanu ankaganiza kuti ndi chinthu chotuluka m'kati mwa mwini wake, kapena chochokera ku mdima wa usiku ndi wa pansi pa mitengo. Ndi ana okulirapo okha, a zaka ngati 9, amene ankanena bwino kuti chinthu chatchinga kuwala. Tsono mwana akaona chithunzithunzi chikuyenda ndi kuyankhula, amachilandira ngati chamoyo. Dalang amadziwa kusewera ndi zimenezi. Chidole chikagunda nsalu, chithunzithunzi chimakhala chaching'ono ndi chakuthwa m'mphepete. Akachibweza kufupi ndi nyale, chimakula mpaka kudzaza nsalu yonse, nkuyamba kuzimirira. Umu ndi mmene kambuku amatulukira m'nkhalango ndi kubwereramo. Nyale ikakhala ya mafuta, kuphethira kwa lawi kumachititsa kuti nyama zioneke ngati zikupuma.

Chachitatu nchakuti chithunzithunzi sichinena zonse. Sichionetsa ubweya, fungo kapena kuya kwa madzi. Zotsalazo mwana amadzaziramo yekha m'maganizo mwake, ndipo ntchito imeneyi imamuphunzitsa kukhala chete ndi kudikira. Pajatu kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amene adzatha kuona mbalame m'nthambi kapena mapazi a nyama pa dothi ndi amene anaphunzira akali wamng'ono kupenyetsetsa chinthu chimodzi kwa kanthawi.

Tionjezepo kuti ku Java oonerera amaloledwa kukhala mbali zonse ziwiri za nsalu. Mwana amene waopa kambuku angathe kuzungulira kuseri, nakaona kuti ndi chikopa chopakidwa utoto m'dzanja la munthu. Akabwerera kutsogolo amaopabe pang'ono, koma ndi mantha amene angathe kuwasenza.

Nyimbo zoimbidwa pomwepo

Chithunzithunzi chilibe mau. Chimene chimachipatsa mpweya ndi gulu la zoimbira lotchedwa gamelan, limene UNESCO inalilemekezanso m'chaka cha 2021. Zambiri mwa zoimbirazi nzamkuwa. Pali saron ndi gender, zomwe ndi timapale ta mkuwa tondandalikidwa. Pali bonang, tokhala ngati timiphika tovundikira. Pali gong ageng, chimbale chachikulu chopachikidwa, chimene chikalira mau ake amamveka mpaka m'chifuwa. Palinso gambang, yamatabwa ngati mangolongondo, rebab yokwecha ngati kaligo koma ya nsambo ziwiri, chitoliro cha nsungwi chotchedwa suling, ndi ng'oma yotchedwa kendhang. Pa sewero la ana kawirikawiri satenga zonsezi, koma zochepa zokwanira kunyamula.

Chofunika kumvetsa ndi mmene oimbawa amamverana ndi dalang. Pambali pake pamakhala bokosi lamatabwa losungiramo zidole. Iye amaligogoda ndi kamtengo kotchedwa cempala, ndipo ndi phazi lake amamenya timapale tachitsulo topachikidwa pa bokosilo. Kugogoda kumeneku ndiko kumauza wang'oma kuti ayambe, afulumize, achepetse kapena aleke, ndipo wang'omayo amatsogolera anzake onse. Kotero nyimbo siyenda payokha. Imatsata dzanja la dalang, ndipo dalang amatsata ana. Akamva kuti ayamba kusokosera, amafupikitsa zoyankhula ndi kuponya nyimbo yovomerezana. Akamva kuti wina walira, amabweza kambuku ndi kutulutsa nyani woseketsa. Akaona kuti kuwerenga ng'ona kwawakomera, amaonjeza ng'ona zina kuti awerenge naye mokweza.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa sewero lotere ndi kanema. Kanema sadziwa ngati mwana waseka kapena wagona. M'chaka cha 2003 Patricia Kuhl ndi anzake, pa yunivesite ya Washington ku Seattle, anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja oyankhula Chingerezi, nawamvetsa Chitchaina maulendo 12. Amene anakhala maso ndi maso ndi munthu woyankhula anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chiyankhulocho. Amene anaonera ndi kumva zomwezo pa kanema kapena pa chojambulira mau sanaphunzirepo kanthu. Ndipo mu 2019 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndi kuti a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Zonsezi zikutsimikiza chimene agogo osimba nthano anachidziwa kale, pamene ankayembekeza kuti ana ayankhe kuti "tili tonse" asanapitirize: mwana wamng'ono amaphunzira kwa munthu amene akumuona ndi kumuyankha.

Nyimbo imachitanso ntchito ina. Imamangirira nyama iliyonse ku kamvekedwe kake, kotero kuti mwana akamva ng'oma ikugunda molemera amadziwa kuti chachikulu chikubwera chisanaoneke. Madzi, mphepo ndi mvula, zimene nzovuta kuzisema pa chikopa, zimamveka m'mkuwa ndi m'chitoliro. Khutu limene lazolowera kumvetsera motere ndi lomwelo lidzasiyanitse kulira kwa mbalame za m'munda.

Kodi Kancil saphunzitsa kuba?

Pali chodandaula chimene aphunzitsi ena a ku Indonesia akhala akuchinena, ndipo nchoyenera kuchimva. Iwo amati Kancil ndi wabodza ndi wakuba, ndipo mwana womusirira angaganize kuti kuchenjera ndiko kupambana. Chodandaula chomwechi chingakhudzenso Kalulu.

Yankho lina nlakuti mwana wamng'ono amadziona yekha mwa Kancil. Iyenso ndi wamng'ono pakati pa zimphona, ndipo zimamulimbitsa mtima kuona kuti wopanda nyanga ndi zikhadabo angathe kupulumuka. Pamene Kancil wanamiza ng'ona kapena kambuku, wanamiza amene amafuna kumudya. Pamene waba nkhaka, nthano yomweyo imamugwiritsa pa ulimbo ndi kumuika m'khola.

Koma pali yankho lina lozama, limene a dalang ena a masiku ano amalionetsa pa nsalu. Iwo amayamba nthano ya nkhaka poonetsa mitengo ikugwa ndi nyama zikuthawa. Kancil amalowa m'munda chifukwa kwawo kwasanduka chipululu. Mlimi ali ndi mlandu wake woona, pakuti nkhakazo ndizo chakudya cha ana ake, koma Kancil nayenso ali ndi njala. Mwana wa zaka zinayi sangafotokoze mkangano wa pakati pa minda ndi nkhalango, koma angamve chisoni ndi onse awiri, ndipo angafunse kuti, "Nanga akadye kuti?" Funso limeneli ndilo chiyambi cha nzeru zonse za kasamalidwe ka dziko, ndipo nkwabwino kuti dalang asaliyankhe msanga.

Kambuku amene anatsala pa nsalu pokha

Tsopano tione chifukwa chake nkhaniyi si ya masewera okha. Kambuku amene amapusitsidwa ndi Kancil ndi wa mizeremizere, amene Ajava amamutcha macan. Kale anali wochuluka pa chilumba chonse. Pamene anthu anachuluka, nkhalango zinagwetsedwa kuti pakhale minda ya mpunga, khofi, mphira ndi mitengo ya matabwa, nyama zimene iye ankadya zinachepa, ndipo iye mwini anasakidwa ndi kuthiridwa chiphe. Umboni wotsiriza wodalirika wa kukhalapo kwake unapezeka m'zaka za m'ma 1970 m'nkhalango ya Meru Betiri, kummawa kwa chilumbacho, ndipo pofika 2008 bungwe la IUCN linali litamulemba m'gulu la nyama zimene zinatheratu. Chipembere cha ku Java chatsala m'malo amodzi okha, ku Ujung Kulon, ndipo chiwerengero chake sichifika 100.

Motero mwana wa ku Yogyakarta amene lero akuseka kambuku wolumidwa ndi mavu akuona chithunzithunzi cha nyama imene mwini wake kulibe. Ichi ndi chenjezo kwa onse okonda luso limeneli. Chidole chachikopa chingakhale zaka zambiri m'bokosi, ndipo nthano ingapitirire mibadwo, nkhalango itatha kalekale. Sewero palokha silinapulumutse kambuku, ngakhale kuti iye anali pa gunungan usiku uliwonse. Nchifukwa chake sewero la ana liyenera kukhala ndi mawa lake. Mwana amene waona ng'ona pa nsalu apite naye kumtsinje, amene waona mtengo adzale wake, amene wamva chitoliro chikutsanzira mbalame akhale pansi mmawa kumvetsera mbalame yeniyeni. Ntchito ya chithunzithunzi ndi kuloza kwa mwini wake.

Mau Omaliza

Taona kuti wayang kancil imafika kwa mwana kudzera pa makomo amene ali otseguka kale pa msinkhu wake: diso lokonda kuda ndi kuyera, khutu lokonda ng'oma, ndi mtima wofuna munthu woti aziyankhana naye. Zifukwa ndi ziwerengero zidzabwera pambuyo, kusukulu, ndipo zidzapeza pokhala ngati mwanayo anayamba wadziwa nyama ndi maina ake, mayendedwe ake ndi njala yake. Munthu sateteza chimene sanachikonde, ndipo chikondi chotere chimafesedwa msanga.

Taonanso kuti zipangizo zake nzosavuta. Zidole za ku Java ndi ntchito ya amisiri a zaka zambiri, koma maziko a seweroli ndi nsalu yoyera, nyale imodzi, ng'oma, ndi munthu wodziwa nthano amene ali wokonzeka kumvera ana pamene akusimba. Kulikonse kumene zinayi zimenezi zilipo, sewero lotere lingachitike ndi nyama za komweko.

Sewero likatha, dalang amabweza nyama zonse, natenga gunungan ndi kuizika chilili pakati pa thunthu la nthochi. Ajava amatcha mwambo umenewu tancep kayon, ndiko kuti kuzika mtengo. Gong wamkulu amalira komaliza, ndipo chinthu chotsiriza chimene ana amachiona nyale isanazimitsidwe ndi mtengo uja, nyama zake zonse zili m'nthambi ndi m'munsi mwake.